Theka la Sekondi ku Peckham, Maola 45 Kuthambo: Mayankho Othamanga ndi Ochedwa Kuposa Onse

Theka la sekondi. Basi. Pa siteshoni ya sitima ya Peckham Rye, kum'mwera kwa London, munthu akagunditsa khadi lake la ku banki pa geti, makina ayenera kuyankha nthawi imeneyi isanathe. Mamilisekondi 500. Awa ndi malire amene bungwe la Transport for London linaikira makina ake owerenga makhadi. Nthawiyi ndi yochepa zedi moti getilo silidikira n'komwe kuti banki inene ngati mu akaunti muli ndalama. Limangotsimikiza kuti khadilo ndi lenileni, n'kutseguka. Za ndalama zimakambidwa pambuyo. Ku Tokyo ndiye kulibe chibwana: khadi la Suica limamaliza zonse m'mamilisekondi 200!

Tulukani pa siteshoniyo, mulowe mumsewu wa Rye Lane. Mashopu a mafoni, ogulitsa zilazi ndi nsomba zouma, timaofesi totumizira ndalama ku Lagos, ku Accra, ngakhale ku Lilongwe. Paliponse pamene chala chadina batani, kompyuta ina ikutuma inzake yakutali kuti iigwirire ntchito, n'kukhala chete kudikira yankho. Akatswiri amati imeneyi ndi remote procedure call, mwachidule RPC. Dzinali linachokera kwa Bruce Jay Nelson mu 1981, ndipo mu 1984 iye ndi Andrew Birrell anafotokoza kagwiridwe kake ali ku Xerox PARC ku California. Funso lipite, yankho libwere. Kanthawi kapakatipo ndiko kamene anthu akukapima usana ndi usiku, ndipo ena akukathira ndalama zosasimbika.

Mmodzi mwa otuma mafunso ambiri zedi? Google. Akatswiri ake ananenapo kuti makompyuta a kampaniyi amatumizirana ma RPC okwana ngati 10 biliyoni pa sekondi imodzi. Pa sekondi! Gawani chiwerengerochi kwa Amalawi 20 miliyoni: aliyense, kuyambira khanda la lero mpaka agogo a ku Nsanje, akufunsa mafunso 500 sekondi iliyonse, osapuma, osagona.

Chopimira chotchuka kuposa zonse ndi kapulogalamu kotchedwa ping. Mike Muuss anakalemba usiku umodzi wokha mu December 1983, pa malo ofufuzira a asilikali ku Maryland. Ntchito yake ndi imodzi: kuponya kauthenga, kudikira kuti kabwerere, n'kunena mamilisekondi amene apita. Patha zaka zoposa 40, koma kali pafupifupi mu kompyuta iliyonse padziko lapansi. Ofuna kuona zakuya amatsegula Wireshark, imene Gerald Combs anaitulutsa koyamba mu 1998 ikutchedwa Ethereal. Iyi imagwira timaphukusi tonse toyenda mu netiweki, imapeza funso, imasaka yankho lake, n'kuchotsera nthawi. Kenako imayala poyera: mafunso analipo angati, lofulumira linatenga nthawi yanji, lochedwetsetsa linatenga nthawi yanji, pakatikati ndi pati.

Ndipo choopsa chili pa lochedwetsetsalo. Mu 2013 Jeff Dean ndi Luiz Barroso a ku Google anaonetsa masamu odabwitsa. Tiyerekeze kuti seva imachedwa kamodzi kokha pa mafunso 100 aliwonse. Zabwinobwino, si choncho? Koma tsamba limodzi likamafunika mayankho ochokera ku maseva 100 nthawi imodzi, anthu 63 pa 100 aliwonse adzakumana ndi kuchedwako. Zili ngati minibasi imene sinyamuka mpaka mpando womaliza utadzaza: onse amadikira mmodzi. N'chifukwa chake wopima wanzeru sakhutira ndi nambala yapakatikati. Amayang'ana kumchira.

Yankho lochedwa kuposa onse likuchokera kwa Voyager 1. Chombochi chinanyamuka pa 5 September 1977, ndipo mu 2024 chinali pa mtunda wa makilomita 24 biliyoni. Maulendo 80 miliyoni a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre! Mu November 2023 chinayamba kutumiza zinthu zosamveka chifukwa kachipangizo kena kosunga malangizo kanawonongeka. Akatswiri a NASA anakonza njira yozembera vutolo, ndipo anatumiza malangizo atsopano Lachinayi pa 18 April 2024. Uthenga unayenda maola 22 ndi theka, pa liwiro la kuwala. Yankho nalo maola 22 ndi theka. Linafika Loweruka pa 20 April: chombo chachira! Funso limodzi, maola 45. Ndiye chimayankhula pang'onopang'ono, mabiti 160 pa sekondi. Kachithunzi kamodzi ka megabaiti imodzi, kamene pa WhatsApp kamafika munthu asanatsitse foni, kangatenge maola 14 kuti kathe kulowa.

Ku Mars, uthenga umatenga mphindi 3 mpaka 22 kupita kokha. Ku mwezi, masekondi awiri ndi theka kupita ndi kubwera.

Pansi pano, chikho cha kuchedwa chili ndi nkhunda. Inde, nkhunda zenizeni! Pa 28 April 2001, gulu la okonda Linux ku Bergen, m'dziko la Norway, linasindikiza timauthenga ta ping pa mapepala, n'kumangirira ku miyendo ya nkhunda, mtunda wa makilomita 5. Anatumiza 9. Mayankho anabwera 4. Lofulumira linatenga mphindi 53, lochedwa mphindi 106. Koma musazipeputse mbalamezi. Mu September 2009 ku KwaZulu-Natal, nkhunda yotchedwa Winston inanyamula kakhadi ka magigabaiti 4 kuchoka ku Howick kupita ku Hillcrest, makilomita 80, mu ola limodzi ndi mphindi 8. Pamene zonse zinkatha kukoperedwa mu kompyuta, intaneti ya pa lamya inali itangotumiza magawo 4 okha pa 100. Kunyamula katundu wambiri ndi nkhani ina, kuyankha msanga ndi nkhani inanso.

Zina zakale zinayambira pafupi ndi Peckham pomwepa. Ku Greenwich, makilomita ochepa chakum'mawa, kampani ya Glass, Elliot inapota theka la nthambo yoyamba kuoloka nyanja ya Atlantic. Mu August 1858 Mfumukazi Victoria anatumiza moni kwa Pulezidenti James Buchanan wa ku America. Mawu 98. Maola 16. Liwu limodzi pa mphindi khumi zilizonse! Komabe anthu anavina m'misewu, pakuti kalata ya pa sitima yapamadzi inkatenga masiku oposa khumi. Nthamboyo inafa patangotha milungu itatu. Njira yodula uthenga m'timaphukusi, imene intaneti yonse yatsamirapo lero, nayonso ili ndi mizu mu London: Donald Davies anaiganiza mu 1965 ku National Physical Laboratory, ku Teddington.

Tsopano mamilisekondi odula zedi. Mu 2015 inatsegulidwa nthambo ya Hibernia Express, makilomita 4,600 pansi pa Atlantic, ya ndalama pafupifupi madola 300 miliyoni. Cholinga? Kuti funso lochoka ku London lifike ku New York n'kubwerera m'mamilisekondi 58.95, m'malo mwa 65 kapena kuyandikira apo. Mamilisekondi 6 okha. Madola 50 miliyoni pa milisekondi iliyonse! Diso likaphethira kamodzi limadya mamilisekondi 100 kapena kuposa. Ogula liwiroli ndi amalonda a masheya, amene makompyuta awo amagula ndi kugulitsa mnzawo asanaone n'komwe kuti mtengo wasintha. Mu 2010 kampani ya Spread Networks inaboola mapiri a ku Pennsylvania kuti nthambo yake ya makilomita 1,330, yochoka ku Chicago kupita ku New Jersey, iwongoke ngati muvi. Kupita ndi kubwera, mamilisekondi 13. Pasanapite nthawi, ena anaimika nsanja zotumiza mauthenga mumlengalenga, n'kutsitsa nambalayo kufika pa 8. Misala yomweyi inafika ku Kent: makampani awiri anapempha kumanga nsanja ku Richborough, ina ya mamita 322, yoposa The Shard, nyumba ya mamita 310 yomwe ili m'boma la Southwark limodzi ndi Peckham. Khonsolo ya Dover inakana mu January 2017.

Palinso amene amachedwetsa dala. Msika wa masheya wa IEX ku America unakulunga nthambo ya makilomita 61 m'kabokosi kamodzi, mtunda wotsala pang'ono kufanana ndi wa Blantyre kukafika ku Zomba, kuti uthenga uliwonse uchedwe ndi mamaikulosekondi 350. Othamanga ndi oyenda pang'onopang'ono afikire limodzi.

Kupima tinthu totere kumafuna mawotchi osanama. Kuyambira January 2018, malamulo a misika ya ndalama ku Ulaya amafuna kuti mawotchi a amalonda othamangawa asaphonye ndi mamaikulosekondi oposa 100. Dulani sekondi m'zidutswa 10,000, mutengepo chimodzi. Ku CERN, m'malire a Switzerland ndi France, njira yotchedwa White Rabbit imagwirizanitsa mawotchi mpaka kusiyana kwake kuchepere nanosekondi imodzi. Nanosekondi ndi nthawi imene kuwala kumayenda masentimita 30, kutalika kwa rula ya mwana wasukulu. Grace Hopper, mayi wodziwika pa mbiri ya makompyuta, ankagawira anthu tizidutswa ta waya totalika chomwecho kuti aigwire ndi manja.

Mfumu ya zonsezi ndi kuwala. Makilomita 299,792 pa sekondi kuthambo, koma mu galasi la faiba kumatsika kufika pa 200,000. Palibe ndalama imene ingadumphe malire amenewa. Ofufuza a ku Southampton anayandikira: anapanga faiba yamphako, yokhala ndi mpweya pakati, momwe kuwala kumathamanga pafupifupi ngati kuthambo. Microsoft inagula kampani yawo, Lumenisity, mu December 2022.

Nthambo yaitali kuposa zonse ndi 2Africa. Makilomita 45,000, kuposa kuzungulira dziko lonse lapansi pa mchombo pake. Yalani nyanja ya Malawi m'litali maulendo 77! Imazungulira Africa, n'kutera m'maiko 33, kuphatikizapo ku Nacala ndi ku Maputo. Zozama kuposa zonse zili kufupi ndi Japan, mamita 8,000 pansi pa madzi. Sanjikizani mapiri awiri a Mulanje, Sapitwa pamwamba pa Sapitwa, padzatsalabe makilomita awiri a madzi. Malo ozama kwambiri a nyanja yathu, mamita 700, angalowemo maulendo 11.

Zikaduka ndiye mavuto. Pa 14 March 2024 nthambo zinayi zinaduka kufupi ndi gombe la Côte d'Ivoire, ndipo mabanki ku Nigeria ndi ku Ghana anavutika. Pa 12 May chaka chomwecho, EASSy ndi Seacom zinaduka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal. Malawi, Mozambique, Tanzania ndi Kenya anaimva. Mauthenga anayamba kuzungulira njira zakutali, mamilisekondi n'kuwunjikana. Dziko la Tonga ndilo linaona zakuda: phiri lamoto litaphulika mu January 2022, nthambo yake imodzi yokhayo inakhala yoduka milungu isanu.

Nanga setilaiti? Zakale zija zimakhala makilomita 35,786 kumwamba. Funso likwere, litsike. Yankho likwere, litsike. Makilomita 143,000, pafupifupi theka la sekondi, makina asanayambe n'kuganiza komwe. Za Starlink, zimene zinayamba kugwira ntchito m'Malawi mu July 2023, zimauluka pa makilomita mazana ochepa okha.

Apa ndi pamene pali kusiyana kowawa. Kuchoka ku Peckham kupita ku Telehouse ku Docklands, kumene kunabadwira London Internet Exchange mu 1994 ndipo manetiweki mazanamazana amakumanirako, ndi makilomita 6. Kuwala kumapita n'kubwera milisekondi isanathe ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku London ndi makilomita 8,000. Ngakhale nthambo itawongoka bwanji, yankho silingabwere mamilisekondi 80 asanakwane, ndipo nthambo zenizeni zimayamba zatsikira kugombe, n'kuzungulira Africa. Pulogalamu yofunsa mafunso 20 motsatizana, lina kudikira linzake, yadya kale masekondi awiri kapena kuposa. Wa ku Peckham sazindikira kanthu. Wa ku Area 25 ku Lilongwe amaona kagudumu kakuzungulira pa foni, n'kumaimba mlandu bandulo.

Mankhwala ake ndi kufupikitsa mtunda. Mu 2008 ku Blantyre kunatsegulidwa Malawi Internet Exchange, kuti uthenga wochoka kwa Mmalawi kupita kwa Mmalawi mnzake usamakazungulire kunja. Microsoft inatsegula nyumba zake za maseva ku South Africa mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Lilongwe ndi Johannesburg atalikirana makilomita 1,500: mamilisekondi 15 pa nthambo yowongoka, osati 80. Amene muli ndi kompyuta pafupi, lembani ping, mutsatize dzina la tsamba la banki yanu kapena la sukulu yanu, muone nambala imene ituluke. Ikapitirira 150, funsani eni tsambalo kuti seva yawo anaiika kuti.