Jasi ku Japan, Gawo 7: Msonkhano wa pa Khonde

Mwabweranso? Ndinadziwa ine. Ngakhale inu amene munalumbira sabata yatha kuti simudzandiwerenganso chifukwa ndinakusiyani m'malere pa nkhani ya nsomba yaiwisi ija, ndakuonani, mwabisala kumbuyoko. Sunthirani kuno, mphasa ikadali ndi malo.

Nsomba ija Jasi anadya. Sanafe. Tiyeni patsogolo.

Mphwanga Jasi, uja tinamutumiza ku Tsukuba ndi chijasi cha pa kaunjika chofika m'maondo, wachita chinthu chimene mwana wobadwira ku Furancungo sayenera kuchita. Funso lofunsa malume ake paseri, iye analifunsa foni ili pa sipika, pa khonde, Lamulungu, anthu akuchokera kutchalitchi.

"Amalume, sukulu ikutsekera kumapeto kwa chaka. Ndasunga kandalama. Ndili ndi masiku asanu ndi tikiti imodzi ya sitima. Ndikaone kuti?"

Pofika madzulo nkhani inali itafika kumsika, ndipo pobwerera kuno inali itanenepa: akuti Jasi wagula sitima.

Lachiwiri tinachita kuitanitsa msonkhano. Tinapangana 1 koloko masana, chifukwa kwawoko dzuwa limatitsogolera ndi maola 7, ndiye kuti iye amakhala ataweruka. Mvula inali itagwa usiku wonse, m'munda mosalowereka, choncho aliyense amene akanakhala akupalira fodya anapeza chifukwa chodutsira pakhomo panga. Vuto linali limodzi: mitambo inali itaphimba masiku atatu, kasola kanga sikanatchaje kanthu, foni yanga ili kuphethira ngati nkhuku yachitopa. Amene anatipulumutsa ndi namwali wa ku Tsangano uja.

Inde, yemwe uja wodikira Jasi.

Anabwera ndi azakhali ake kudzasiya thumba lina la kachewere, lachitatu chichokereni Jasi, ndipo foni yake inali yokhuta moto ndi mayunitsi omwe. Tinaiika pa mpando pakati pathu ngati mlendo wolemekezeka. Mfundo imeneyi muisunge m'thumba, muifuna kutsogoloku.

Poyamba Jasi anatilongosolera za tikiti, kuti ya kumsika ija ithe. Kuli tikiti yotchuka, JR Pass, yokwera nayo Shinkansen, sitima ija yothamanga ngati yaba. Koma imagulitsidwa kwa odzacheza okha. Iye, poti anapita ndi pepala la sukulu, pa ndondomeko ya ABE Initiative imene boma la Japan linalengeza mu 2013 ku Yokohama, amawerengedwa ngati wokhala konko. Saloledwa. Lamulo limamulola ganyu ya maola 28 pa sabata, ndipo ndalama zotsukira mbalezo ndi zimene anagulira Seishun 18 Kippu, ya mayeni 12,050. Masiku asanu, ukwere mmene ungathere, koma sitima zake ndi zoima m'masiteshoni ambirimbiri.

"Ndiye ndi chapa ya pa njanji," anatero Aphunzitsi.

"Eya, koma siidikira kudzaza," anayankha Jasi.

Woyamba kuponya voti anali mlongo wanga, mayi ake. Iye ankafuna phiri la pa kalendala lija, Fuji. Mwana wake aime pamwamba penipeni, mamita 3,776, atukule dzanja, chithunzicho akachionetse amayi anzake a mumpingo.

"Amayi, panopa ndi lotseka. Amakwera kuyambira Julayi mpaka kumayambiriro kwa Seputembala. Pano ndi chisanu chokhachokha. Koma kukacha bwino limaonekera ku Tokyo komwe, osalipira."

"Phiri lotseka? Ngati golosale?"

Mlongo wanga sanakhulupirire mpaka lero. Akuti mwanayo ndi waulesi kuyambira kale.

Mng'ono wake wa Jasi, uja sachotsa maso pa foni za eni, anati apite ku Shibuya, kumene chinamtindi cha anthu chimaoloka msewu nthawi imodzi. Agogo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Kulipira ndalama kukaona anthu akuoloka? Pita pa mlatho wa Samora Machel ku Tete, ukaone ulere." Zinathera pomwepo, makamaka Jasi atanena kuti kuchokera ku Tsukuba kukafika ku Tokyo ndi mphindi 45, atha kupita Loweruka lililonse.

Za ku Nara ndinene mwachidule chifukwa zinatsala pang'ono kutiphera munthu. Jasi anati kumeneko nyama zonga mbawala, zopitirira 1,000, zimayenda mumzinda pakati pa anthu, zimaweramitsa mutu kupempha bisiketi, ndipo palibe wozigwira chifukwa amati ndi amithenga a milungu ya pamalopo. Mlenje wathu wa kuseri kwa chigayo anangoti kukamwa yasa.

"Zopitirira 1,000? Popanda galu? Popanda msampha?"

Tinagwirizana kuti Jasi asayerekeze kumutumizira chithunzi munthu ameneyu. Angadwale.

Kenaka Aphunzitsi anaimirira, anakonza magalasi, ndipo tonse tinadziwa kuti nsima ipola. Iwo anati Nagasaki. Tinkayesa anena za bomba, poti tonse tinaloweza kusukulu: Hiroshima pa 6 Ogasiti 1945, Nagasaki pa 9. Anazitchula ndithu, chipewa chili m'manja. Koma chimene anaimirira chinali china. Anati kuyambira 1571 zombo za Apwitikizi zinkakocheza pa doko la Nagasaki, ndipo njira yawo yochokera kwawo inkadzera ku Ilha de Moçambique, Goa ndi Macau. Atatero anawerama pa foni.

"Jasi, fodya amati chiyani kumeneko?"

"Tabako, Aphunzitsi."

Khonde lonse linachita phokoso. Anthu amene zala zawo zadetsedwa ndi fodya chibadwire, kumva kuti Mjapani amatchula mbewu yawo ndi liwu lomwelo lolembedwa pa mapepala a kampani!

"Nanga buledi?"

"Pan."

"Mwamva? Pão ameneyo, wangovula chipewa. Nanga timakadi tosewerera tija?"

"Karuta."

Apa Aphunzitsi anatembenukira kwa ife ngati wagwira mbava. Karuta ndi kalata, anatero, mayi wawo ndi mmodzi, liwu la Chipwitikizi loti carta. Ife tinatenga n'kumalemberana, iwo anatenga n'kumaseweretsa. Anawonjezera za keke ya ku Nagasaki yotchedwa kasutera, imene inabweranso ndi zombo zomwezo, koma anthu anali akadali pa tabako.

Ine ndinadikira kuti atope, ndipo ndinaponya yanga: Kyoto. Osati chifukwa cha makachisi opakidwa golide, ayi. Chifukwa cha Yasuke. Munthu wakuda ameneyu anafika ku Japan mu 1579 ndi wansembe Alessandro Valignano, ndipo buku lina lakale la ansembe limati kwawo kunali ku Mozambique kuno. Mu 1581 anamutengera kwa mfumu yankhondo Oda Nobunaga ku Kyoto. Mfumuyo inakana kukhulupirira khungu lake, inalamula kuti amuchape, poyesa ndi inki. Inki sinachoke. Inamutenga kukhala munthu wake, n'kumupatsa nyumba ndi lupanga. Mu 1582 Nobunaga anazingidwa ndi kazembe wake yemwe pa kachisi wa Honnō-ji, ndipo anafera pomwepo. Yasuke anapulumuka, anamupereka kwa ansembe, kenaka mabuku anangoti zii.

"Ukaime pamenepo," ndinatero. "Ukamuuze kuti kumudzi tilipo."

"Amalume, Honnō-ji ya lero si pamalo pomwe paja. Anaisamutsa. Pakale pangotsala mwala wolembapo."

"Mwalawo ndi umene ndikufuna."

Ndipo ndikuuzeni maganizo anga, inu mukane ngati mukufuna: chithunzi cha nyumba zazitali ndingachipeze pa intaneti nditakhala pa khonde langa lino. Ndalama yotsukira mbale njokaimira pamalo pamene munthu wakwanu anapondapo.

Tinawerengetsera. Kyoto ndi Nagasaki zonse zili mbali imodzi, kumadzulo. Pa chapa ya pa njanji ija, tsiku lathunthu kukafika ku Kyoto, lina kupitirira, awiri obwerera, limodzi loona. Ine ndi Aphunzitsi tinagwirana chanza. Mlongo wanga anayamba kusonkhanitsa mbale. Nkhani yatha.

Jasi anatsokomola.

Mphwanga ameneyu ndinamulera ndekha. Chifuwa chake chenicheni ndimachidziwa, ndipo ichi sichinali chimenecho.

"Komatu ine, Amalume, ndimaganiza zopita kumpoto."

Kumpoto! Kumene palibe anatchulako. Akuti ku Oga, m'chigawo cha Akita, m'mphepete mwa nyanja, kumene chisanu chimakwirira midzi. Usiku wa pa 31 Disembala, akuti, kumatuluka zinthu zotchedwa Namahage. Nkhope zofiira, zina zobiriwira, nyanga, mano panja, thupi lonse lokutidwa ndi udzu. Zimanyamula chimpeni ndi ndowa, zimayenda khomo ndi khomo zikubangula, kufunsa ngati muli mwana wolira, mwana wosamvera kapena munthu waulesi wongoothera moto.

Agogo, amene chiyambireni anali kusinza pa mpando wa ndalema, anatsegula diso limodzi.

"Zimachokera kuti?"

"Amati kuphiri, Agogo."

Diso lachiwiri linatseguka. "Ana amathawa?"

"Amalira, amabisala kuseri kwa amayi awo. Mwini nyumba amazipepesa, amazipatsa mowa ndi chakudya, ndipo zimachoka zitasiya mwayi wa chaka."

Agogo anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wamva za mbale wake wotayika kalekale. Aphunzitsi anafulumira kunena kuti UNESCO inazindikira Gule Wamkulu wathu mu 2005 ndipo za ku Oga zo mu 2018, ndiye achikulire ndife. Agogo za UNESCO sanazimve n'komwe. Koma Jasi, posadziwa poimira, anawonjezera kuti kuli ndi nyumba yoonetsera kumene nkhopezo anazindandalika, ndipo mlendo atha kuvala n'kujambulitsa.

Khonde linati zii. Amayi anayang'ana pansi.

"Chilombo chovalidwa ndi mlendo?" Agogo anagogoda ndodo pansi. "Cholipiritsa pakhomo?" Anakhala chete nthawi yaitali, ndipo tonse tinkayesa Oga yagwa. Kenaka anati: "Apite. Akaone za usikuzo, osati za m'nyumba yoonetserayo. Adzandiuze ngati anthu amenewa akadali ndi mwambo kapena anagulitsa."

Agogo akagamula, malume amangokhala mboni. Yasuke wanga ndi tabako wa Aphunzitsi zinagwera limodzi m'matope.

Koma Aphunzitsi sagonja ulere. Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi malaya.

"Jasi, wati zimalowa m'nyumba za anthu. Si za pabwalo. Ndiye iwe ukakhala m'nyumba ya yani?"

Foni inangoti shiii.

"Pali banja lina landiitana."

"Banja la kumpoto walidziwa bwanji, iwe uli ku Tsukuba?"

"Ndi kwawo kwa mnzanga. Timaphunzira limodzi."

Abale, Chichewa chathu n'chachinyengo. Liwu loti mnzanga silivala buluku, silivala siketi. Mlongo wanga anasiya mbale. Azakhali a ku Tsangano anakonza chitenje chimene sichinamasuke.

"Dikirani," anatero Jasi mothamanga, "nditumize chithunzi cha nkhopeyo, Agogo aone." Ndipo anadula.

Mukudziwa mmene netiweki yathu imachitira mvula ikagwa. Chithunzi chinabwera chili mbuu, kamkombero kali zungulire pakati. Tinaunjikana. Ndinazindikira kufiira kwa nkhope, nyanga ziwiri, ndi dzanja limene laigwira nkhopeyo. Dzanja la yani, netiweki inali isanasankhe. Koma pamkono panali kanthu kofiira ndi koyera.

Inu a Gawo 1, mwakumbuka kale. Chibangili cha mikanda cha malemu agogo ake aakazi, chija mlongo wanga anamumanga nacho pa siteji ya basi, n'kumuuza pamaso pa tonse kuti tsiku lochivula likhale lomveka mkazi.

Mwini foni anaitola. Ndani akanamuletsa? Kamkombero kanatha kuzungulira foni ili m'manja mwake. Anayang'ana. Anakulitsa ndi zala ziwiri. Anayang'ananso. Azakhali ake anaimirira, n'kukhazika dzanja pa thumba la kachewere lija ngati kuti lingathawe.

Namwaliyo anaseka.

Kuseka kwake kumeneko sindinakumvepo, ndipo ine maukwati ndi milandu ndakhalapo yambiri. Sanationetse chithunzi. Anangodina poimbira, anatsegula sipika, n'kuikhazikanso foni pa mpando mwaulemu wonse.

Inaitana kamodzi. Kawiri. Kachitatu wina anayankha.

Sanali Jasi.

Mawuwo anali ochedwa, osamala, ngati a munthu woponda pa miyala ya pa mtsinje wodzaza. Ndipo anali m'Chichewa. Anati, "Muli bwanji," n'kuwonjezerapo liwu limodzi lokha, lachibale, limene linachititsa mlongo wanga kugwetsa mbale zonse zisanu.

Liwu lanji? La yani?

Pepala landithera, ndipo kasola kanga sikanatchajebe. Tionane sabata yamawa. Amene muli ndi kachewere wa ngongole pakhomo, musayambe mwadya.