Kodi mumadziwa? Mawaya awiri okha atha kugoneka katapila

Katapila wamakono, kaya wokumba kaya wosalaza msewu, amakhala ndi timakompyuta tingapo: ka injini, ka magiya, ka mapampu a oyilo, ndi kena kamene kamayendetsa sikirini ya dalaivala. Tonseti timalankhulana kudzera m'mawaya awiri opotana, njira yotchedwa CAN imene kampani ya Bosch ya ku Germany inatulutsa mu 1986. M'makina akuluakulu ambiri njirayi imayendera malamulo a J1939, ndipo waya wina amakhala wachikasu, wina wobiriwira.

Mawayawa akavuta, chimakina chimachita ngati chalodzedwa. Injini itha kukana kulira, kapena kulira koma mphamvu osaoneka, sikirini n'kumangolavula makhodi. Khodi ikakhala ndi FMI 9, ndiye kuti uthenga wochokera ku kakompyuta kena sukufika pa nthawi yake.

Makaniko wodziwa ntchito sathamangira kugula kompyuta yatsopano. Amazimitsa makina, n'kumasula batire, kenako n'kuyeza ndi multimeter pakati pa mawaya awiriwo. Kumapeto onse awiri a mzerewu kumakhala resistor ya 120 ohms, choncho zonse zikakhala bwino mita imasonyeza pafupifupi 60. Ikasonyeza 120, resistor imodzi yafa kapena waya waduka penapake. Ikatsikira pafupi ndi 0, mawayawo agundana.

Kawirikawiri cholakwa sichikhala kompyuta yodula ija ayi, koma pulagi imene yalowa madzi n'kuchita dzimbiri, kapena waya amene wakhala akukhulana ndi chitsulo mpaka kusupuka. Ngati chimakina chakhalitsa pamalo amodzi, makoswe nawonso musawaiwale.