Zofunda za zigamba za makanda ku Thyolo

Chofunda cha zigamba ndi nsalu yofunditsa khanda imene makolo amasoka pakhomo polumikiza zidutswa za zitenje zakale kapena zotsala kwa telala. Chimapezeka m'midzi yozungulira minda ya tiyi ya ku Thyolo, monga Satemwa yomwe inakhazikitsidwa mu 1923.

Boma la Thyolo lili pamtunda ndipo kumazizira kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, makamaka kukachita chiperoni, mvula yowaza yobwera ndi nkhungu, imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Khanda silichedwa kuzizidwa, koposa lobadwa masiku osakwana. Miyezi yomweyi tiyi saphukira kwambiri, motero ntchito yothyola imachepa ndipo mabanja ambiri sakwanitsa kugula bulangete latsopano.

Posoka, amaika juzi ya pa kaunjika kapena bulangete lakutha pakati pa nsalu ziwiri, nkudutsitsa ulusi ndi singano kuti zisasunthe. Misoko amaipindira mkati kuti isakande mwana. Chitenje chakale chimaposa chatsopano pa ntchitoyi, poti chinafewa ndi kuchapa. Mbereko yokha imafuna chitenje chathunthu, chifukwa msoko ungathe kusomoka mwana ali kumsana.