Kodi fizikisi idzakudyetsa? Ndakwera minibasi kukafuna yankho

Titangopitirira pa Levy Mwanawasa Stadium kulowera ku Kitwe, galimoto ina inatidula kutsogolo. Dalaivala anaponda mabuleki mwamphamvu. Tonse tinagwera kutsogolo, tomato wa amayi ena anamwazika pansi pa mipando, kondakita nayenso anagunda mutu pacitseko. Anthu atayamba kukalipa, mng'ono wanga amene anakhala pambali panga anangoseka.

"Mwaona, asisi? Basi yaima, koma matupi athu anali akali paulendo. Ni lamulo loyamba la Newton."

Mtsikanayu ali ndi zaka 18. Anatsiriza Giredi 12 ndipo fizikisi ndiyo anakhoza bwino kuposa maphunziro onse. Koma kunyumba kwathu ku Chifubu nkhani yavuta. Amayi afuna kuti acite unesi, akuti matenda sadzatha pa dziko. Amalume, amene anakalambira mu mgodi, afuna uinjiniya wa migodi. Mwini wake afuna kukhala lecturer wa fizikisi pa yunivesite. Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali, ndiye anafunsa funso limodzi cabe: "Manje iyo fizikisi idzakudyetsa?"

Palibe anayankha. Ine ndine mtolankhani, nchito yanga ndi kufunsa, motero ndinamutenga kuti tikaone tokha njira imene afuna kuyendamo. Kucoka ku Ndola kufika ku Kitwe ndi makilomita pafupifupi 60, ndipo masukulu awiri amene tinali kufuna onse ali kumeneko.

Makwerero ake ndi atali

Titatsika m'tauni tinakwera ina ya ku Riverside, kumene kuli Copperbelt University, imene tonse timangoti CBU. Yunivesiteyi inakhazikitsidwa mu 1987, ndipo ili ndi sukulu ya masamu ndi sayansi mmene muli dipatimenti ya fizikisi. Ku Lusaka, University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, nayonso ili ndi dipatimenti yotere.

Kuti mwana alowe, afunika kukhoza bwino maphunziro asanu pa mayeso a Giredi 12, kuphatikizapo Cizungu, masamu ndi sayansi. Apa makolo adziwe cinthu cimodzi. Pa mayeso a ECZ pali mapepala awiri osiyana: pali fizikisi yapayokha, nambala 5054, ndiye pali sayansi yosakaniza fizikisi ndi kemisitiri, nambala 5124. Mwana amene anacita yapayokha amafika pa yunivesite ataona kale zambiri. Mnzake wa yosakaniza saletsedwa kulota, koma caka coyamba amatuluka thukuta.

Digiri yoyamba imatenga zaka 4. Wosakwanitsa kulipira angapemphe loni ku bungwe la HELSB, koma dzina lake likamba lokha: ndi ngongole, idzabwezedwa ukayamba kusewenza. Ndipo digiri imodzi siikwana kuti munthu aimirire kutsogolo kwa ophunzira a pa yunivesite. Lecturer afunika kukhala ndi masters, zaka zina pafupifupi 2. Amene afuna kukwera mpaka pa senior lecturer kapena pulofesa afunika PhD, zaka zina 3 kapena kuposerapo, ndiponso kafukufuku wolembedwa ndi kusindikizidwa kuti akatswiri anzake amuwerenge ndi kumutsutsa.

Tinawerengera pa zala ndi mng'ono wanga. Zonse zikayenda bwino, popanda kubwereza caka kapena kusowa ndalama, adzatsiriza ali pafupi ndi zaka 30. Anakhala cete pang'ono.

Koma pali khomo limene ambiri salidziwa. Mayunivesite a boma amakhala ndi dongosolo lochedwa Staff Development Fellowship. Dipatimenti ikaona kuti idzafuna aphunzitsi, imasankha wophunzira amene wakhoza bwino kwambiri digiri yoyamba, imamuthandiza kucita masters, kenako iye amabwerera kudzaphunzitsa. Malo ake amakhala ocepa, ndipo amayang'ana magiredi a zaka zonse, osati a caka comaliza cabe. Kunja nakonso kuli makomo. Bungwe la AIMS, limene linayamba mu 2003 ku Cape Town, limaphunzitsa ana a mu Africa masters ya sayansi ya masamu, ndipo osankhidwa amalipiriridwa zonse. Ku Trieste, m'dziko la Italy, kuli ICTP, imene inakhazikitsidwa mu 1964 ndi Abdus Salam, katswiri wa fizikisi wa ku Pakistan, makamaka cifukwa ca asayansi a maiko osauka.

Caka comweco ca 1964, kuno kwathu mphunzitsi wa sayansi Edward Mukuka Nkoloso anali kugubuduza acinyamata m'migolo, akuti awakonzekeretsa kupita kumwezi. Dziko lonse linamuseka. Lero CBU ndiyo isunga ofesi ya kumwera kwa Africa yoona za sayansi ya nyenyezi pa citukuko, ndipo Zambia ndi limodzi mwa maiko 8 a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa nchito ya telesikopu yaikulu ya SKA. Nchito zotere zifuna anthu a fizikisi, ndipo anthuwo afuna wowaphunzitsa.

Njira yaciwiri ili ku Itimpi

Masana tinakwera minibasi ya mseu wa ku Chingola ndi kutsikira ku Itimpi. Kumeneko kuli Mukuba University, imene akuluakulu akali kuichula kuti COSETCO, dzina lake lakale pamene inali koleji yophunzitsa aphunzitsi a ku sekondale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, aphunzitsi ambiri a masamu ndi sayansi m'dziko muno anadutsa pamenepa.

Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti nchito ya fizikisi pa yunivesite ili pawiri. Pali amene afufuza fizikisi yeniyeniyo: kuwala, magetsi, nyenyezi, miyala ya pansi pa nthaka. Ndiye pali amene afufuza mmene mwana amaphunzirira fizikisi, cimene cimamusokoneza, ndi mmene mphunzitsi angamuthandizire. Uyu waciwiri kawirikawiri amayamba ndi digiri ya uphunzitsi wa sayansi, amalembetsa ku Teaching Council of Zambia, amaphunzitsa ku sekondale zaka zingapo, ndiye amabwerera kukacita masters ndi PhD ya kaphunzitsidwe ka sayansi. Ubwino wa njirayi ndi wakuti munthu angayambe kulandira malipiro atangotsiriza digiri yoyamba, ngati walembedwa nchito, ndi kupitiriza maphunziro ali pa nchito.

Wina angafunse kuti, kafukufuku wa kaphunzitsidwe ndi wa ciani? Si kungolemba manotsi pa bolodi? Ndiyankhe ndi nkhani yanga. Pa sekondale imene ndinaphunzira, imene sindidzaichula dzina, ndinaloweza lamulo la Ohm mpaka ndinali kulinena ndili m'tulo. Koma ammeter ndinaiona pa cithunzi cabe m'buku. Labu inali yokhoma nthawi zambiri, ndipo m'kalasi tinali ambiri cakuti ena tinali kukhala atatu pa desiki. Ndinakhoza mayeso. Koma tsiku lina malaiti atazima m'nyumba mwathu mokha, kwa aneba akuyaka, sindinadziwe poyambira. Ndinali ndi satifiketi, fizikisi ndinalibe.

Vutoli si lathu tokha. Mu 1992, David Hestenes ndi anzake ku America anapanga mayeso ochedwa Force Concept Inventory. Mulibe masamu ovuta, muli mafunso ngati lija la m'minibasi: cinthu cikamayenda, n'ciani cimacikankha? Anapeza kuti ophunzira ambiri okhoza masamu a fizikisi amalephera mafunso ophwekawa. Mu 1998, Richard Hake anasonkhanitsa zotsatira za ophunzira oposa 6,000 m'makalasi 62. Makalasi amene ophunzira anali kukambirana, kuyesa ndi kutsutsana anapindula kuwirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi amene anali kungomvetsera lecturer. Carl Wieman, amene analandira mphoto ya Nobel ya fizikisi mu 2001, anaona nkhaniyi kukhala yofunika kwambiri cakuti mu 2002 anayambitsa PhET, zoyeserera za sayansi za pa kompyuta zimene aliyense angatenge kwaulere pa intaneti.

Mafunso amene palibe adzatifufuzira

Zimenezo anafufuza ndi ana a ku America. Koma pali mafunso amene ali athu. Taganizirani liwu lakuti mphamvu. M'kalasi ya fizikisi, force, energy ndi power ndi zinthu zitatu zosiyana, ciliconse ndi muyeso wake. M'Cinyanja zonsezo timati mphamvu. Anzathu a Cibemba zonsezo amati amaka. Mwana wa ku Chimwemwe kapena ku Lubuto amamva phunziro m'Cizungu, koma poganiza amaganiza m'cinenero ca kunyumba. Kodi pamene alemba yankho lolakwa, walephera fizikisi kapena wasokonezedwa ndi mawu? Kodi mphunzitsi akafotokoza pang'ono m'Cibemba kapena m'Cinyanja, zimathandiza kapena zimaonjezera cisokonezo? Pulofesa wa ku Harvard sadzabwera kudzatifufuzira zimenezi. Afunika munthu amene anakulira m'zinenerozi ndipo adziwanso fizikisi.

Funso lina ndi la kuculuka kwa ana. Kuyambira mu January 2022, maphunziro m'masukulu a boma ndi aulere mpaka ku sekondale, ndipo makalasi anadzaza. Caka comweco boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000. Mu 2025 kunabwera silabasi yatsopano, imene inabweretsa Fomu 1 ndipo ifuna kuti mwana azitha kucita zinthu, osati kuloweza cabe. Koma kodi mphunzitsi mmodzi angacititse bwanji practical ana odzaza kalasi, mabatire ali ocepa, malaiti kulibe? Yankho silidzacokera m'maofesi. Lidzacokera kwa amene akhala kumbuyo kwa kalasi ndi kope, kuyesa njira iyi ndi iyo, ndi kulemba cimene casewenza.

Maziko alipo kale. National Science Centre ku Lusaka imapanga malabu oyenda pa mawilo a masukulu opanda labu. Makalabu a JETS akhala akucititsa mipikisano ya sayansi kwa zaka zambiri. Kuyambira mu 2005, mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, aphunzitsi anayamba lesson study, poyamba m'cigawo ca Central: amakonza phunziro pamodzi, mmodzi amaphunzitsa ena akuonerera, ndiye amakhala pansi kukambirana pamene ana anasocerera. Kumeneko ndi kuyamba kwa kafukufuku. Cotsala ndi anthu ophunzira mokwana kuti zimene aphunzitsi aona zilembedwe, ziyesedwe, ndi kulowa m'maphunziro a aphunzitsi a mawa.

Zowawa zake tisabise

Sindingakunamizeni kuti njirayi ndi ya uci. Malo a ulecturer satuluka caka ciliconse, ndipo dipatimenti imodzi siilemba anthu ambiri. Tonse tamvapo pa wailesi za malipiro ocedwa ndi ndalama za opuma pa nchito zimene mayunivesite a boma akhala akulimbana nazo. Mnzako amene anacita uinjiniya angagule galimoto iwe ukali kulemba masters. Ndipo mtsikana m'kalasi ya fizikisi nthawi zambiri amapeza kuti anyamata ndiwo aculuka, ndiye mafunso a acibale akuti "ukwatiwa liti?" sacedwa kuyamba.

Koma amene wacita fizikisi sakhala ndi khomo limodzi. Cancer Diseases Hospital ku Lusaka imafuna akatswiri a fizikisi oyesa mlingo wa ceza cimene wodwala khansa alandira. Radiation Protection Authority imayang'anira makina a X-ray ndi zipangizo zina zotulutsa ceza m'zipatala ndi m'migodi. Makampani ofufuza mkuwa amagwiritsa nchito fizikisi kuona za pansi asanakumbe. Ndipo pa Itimpi pomwepo pali munda wa masola wa kampani ya CEC wa mamegawati 60, umene unatsegulidwa mu April 2024, caka cija cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo tinagona mu mdima miyezi yambiri. Aliyense wosewenza m'malo amenewa anadutsa m'manja mwa mphunzitsi wa fizikisi, ndipo mphunzitsiyo anadutsa m'manja mwa lecturer.

Pobwerera tinakwerera pa KMB dzuwa litapendeka. Mng'ono wanga anali kulemba manambala kumbuyo kwa risiti: zaka, loni, zaka zinanso. Pafupi ndi Ndola anandiuza kuti adzalembetsa kuwiri, ku CBU ndi ku Mukuba, koma mtima wake wapendekera ku uphunzitsi. Akuti nkhani ija ya liwu lakuti mphamvu yamukhala m'mutu, cifukwa nayenso inamusokoneza mu Giredi 10 ndipo anali kuganiza kuti ndiye wopusa.

Kunyumba tinapeza amayi akusenda kalembula pakhonde. Ndinawafotokozera zonse, zabwino ndi zowawa zomwe. Ndinati fizikisi ingamudyetse, koma siidzafulumira, ndipo zaka zoyamba tidzafunika kumugwira dzanja tonse. Amayi sanavomere, sanakanenso. Anapukuta manja pa citenje ndi kufunsa mwana wawo kuti mafomu atseka liti.