MPUMULO WA ANA ODWAZIKA MATENDA

Lero tikambirana za ana a ku Britain amene adwazika matenda m'nyumba za makolo ao, ndi za njira imene anthu a kumeneko atsata pofuna kuti ana otere apeze masiku owerengeka a kupumula. Nkhaniyi ndi ya dziko lakutali, koma ambiri a inu muli ndi abale okhala kumeneko ndi mabanja ao, ndipo funso lace tilidziwa tonse: kodi mwana ayenera kusenza katundu wolemera cotani?

Ana amenewa ndani?

Mwana kugwira nchito za pakhomo si cinthu cacilendo, ndipo palibe wocitsutsa. Mtsikana wotsuka mbale ndi mnyamata wotumidwa kusitolo ali kuphunzira umunthu. Koma alipo ana ena amene nchito yao yapitirira pamenepa. Tiyerekeze mtsikana wa zaka 10 amene amai ace anafa ziwalo, ndipo atate ace kulibe. Iyeyu adzuka kusanace, nathandiza amace kusamba ndi kubvala, nawapatsa mankhwala a m'mawa, nakonzera mlongo wace wamng'ono cakudya, ndipo pokhapo athamangira kusukulu. M'kalasi thupi liri pompo, koma mtima uli kunyumba: kaya amai agwa, kaya adya. Belu likalira anzace apita kumpira, iye abwerera msanga kukayambanso.

Angerezi amawacha ana otere young carers. Lamulo la ku England linena kuti ndiye munthu wosafika zaka 18 amene asamalira munthu wina, osati monga nchito ya malipiro. Wosamalidwayo angakhale kholo, mbale kapena agogo. Angakhale wolumala, wodwala nthenda yokhalitsa, wodwala maganizo, kapena wogonjetsedwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Kalembera wa anthu wa caka ca 1921 sitimkamba. Wa masiku ano ndiye afunsa za kudwazika. Wa caka ca 2011 anapeza ana otere oposa 166,000 mu England mokha, a zaka 5 kufikira 17, ndipo wa 2021 anapeza ngati 120,000. Koma zikalata za kalembera amalemba ndi akulu a m'nyumba, ndipo kholo silifulumira kulemba kuti liri kudwazikidwa ndi mwana. M'caka ca 2010 a BBC pamodzi ndi University of Nottingham anafunsa ana a sukulu eni ace, ndipo poona mayankho ao anaganiza kuti m'dziko lonselo ana otere angafike 700,000.

Cifukwa cace abisika

Kusiyana kwa ziwerengero kumeneku kutiphunzitsa kanthu. Mwana wodwazika sadziulula. Kawirikawiri sadziwa n'komwe kuti moyo wace usiyana ndi wa anzace, pakuti anakuliramo. Akazindikira, acita manyazi, makamaka ngati nthendayo ndi ya maganizo kapena ya mowa. Ndiponso m'nyumba zambiri muli mantha akuti Boma likamva lidzacotsa mwanayo ndi kukampereka kwa olera ena. Cotero kholo ndi mwana apangana, osalankhula, kuti za m'nyumba zikhale za m'nyumba.

Anthu anayamba kumva bwino za ana amenewa pamene aphunzitsi awiri a pa Loughborough University, Jo Aldridge ndi Saul Becker, anaceza ndi ana odwazika a m'mudzi wa Nottingham, nafalitsa zimene anamva m'caka ca 1993. Patapita zaka zambiri za kudandaula, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lochedwa Children and Families Act m'caka ca 2014, ndipo mbali yace yonena za ana odwazika inayamba kugwira nchito mu April 2015. Lamuloli likakamiza khonsolo iri yonse ya mu England kufunafuna ana otere m'dera lace, ndi kupima zosowa zao. Mwana yekha kapena kholo lace akapempha kupimako, khonsolo iyenera kucita. Popima afunsa ngati nchito imene mwanayo agwira iyenera msinkhu wace, ndi ngati imsiyira nthawi ya sukulu ndi ya masewera.

Kupumula kwace nkotani?

Lamulo lipima, koma nyumba zopumuliramo ana zambiri ziri m'manja mwa mabungwe a cifundo, amene ndalama zao zicokera kwa anthu opereka mwaufulu. Limodzi la iwo ndi Honeypot, limene linayamba m'caka ca 1996 ndi nyumba imodzi m'dziko la nkhalango la New Forest, kummwera kwa England. Pambuyo pace linatsegula nyumba zina ku Wales ndi ku Scotland. Bungweli lilandira ana ang'ono, a zaka 5 kufikira 12, nakhala nao masiku awiri kapena atatu. Kwa ana okulirapo kuli msonkhano wa Young Carers Festival, umene unayamba m'caka ca 2000 pa Fairthorne Manor ku Hampshire, kumene anyamata ndi atsikana ocokera m'madera ambiri agona m'mahema, nasewera, nakambirana mabvuto ao.

Wina angafunse kuti, masiku atatu apindula ciani, popeza mwanayo adzabwerera ku nchito yomweyo? Yankho lace liri m'zinthu zazing'ono. Kumeneko mwana agona usiku wonse osachera khutu kucipinda ca wodwala. Adya cakudya cimene sanaphike yekha. Akwera njinga, nadetsa zobvala, wina nacapa. Koposa zonse, apeza ana anzace amene adziwa kale za mankhwala ndi za cipatala, kotero kuti safunika kufotokoza kapena kubisa kanthu. Mwana amene anayesa kuti ali yekha m'dziko aona kuti ali ndi anzace, ndipo cimeneci apita naco kwao.

M'mene dzina la mwana lifikira ku bungwe

Tsopano tafika pa mtima wa nkhani yathu. Mwana wa zaka 8 sangalembe kalata yopempha mpumulo, ndipo kholo lodwala kawirikawiri silidziwa kuti nyumba zotere ziripo. Payenera kukhala munthu wamkulu woima pakati. Mabungwe ambiri alandira maina kucokera kwa anthu amene nchito yao iri pakati pa ana: mphunzitsi, namwino wa pasukulu, dotolo wa banja, wanchito wa khonsolo woyang'anira mabanja, kapena mtsogoleri wa gulu la ana odwazika la m'deralo. Anthu amenewa adziwa mwanayo, ndipo adzakhala naye pafupi ngakhale atabwerako.

Coyamba ndi kuona. Zizindikiro zace mphunzitsi azidziwa: mwana wocedwa masiku ambiri, wosinza m'kalasi, wosatha nchito yolembera kunyumba, wosapita nao pa maulendo a sukulu, kapena wodziwa maina a mankhwala koposa msinkhu wace. Mphunzitsi wosafunsa apereka cilango. Wofunsa apeza cifukwa. Kuyambira m'caka ca 2023 sukulu za mu England zilemba ciwerengero ca ana odwazika m'kaundula wao, ndipo caka coyambaco zinalemba ana ngati 39,000 okha. Muyerekeze ndi ziwerengero zija, ndipo mudzaona kucuruka kwa ana amene akhala pamaso pa aphunzitsi ao tsiku ndi tsiku osadziwika.

Caciwiri ndi kulankhula ndi banja. Dzina la mwana silitumizidwa mobisa. Kholo liyenera kubvomereza, mwananso ayenera kufuna. Pano pafunika nzeru, pakuti kholo lodwala limva kale cisoni poona mwana wace ali kubvutika cifukwa ca ilo, ndipo mau akuti "mwana wanu watopa" angalilase ngati mlandu. Wolankhula bwino ayamba ndi kuyamika mwanayo ndi makolo amene anamlera, nalongosola poyera kuti ulendowu ndi wa masiku owerengeka, kuti mwana adzabwera, ndi kuti si njira yomcotsera pakhomo.

Cacitatu ndi kulemba cikalata, cimene masiku ano kawirikawiri atumiza pa intaneti. M'menemo alemba zaka za mwana, munthu amene amdwazika, nchito zimene agwira, ndi umo zakhudzira sukulu yace ndi mtima wace. Alembanso za mwanayo mwini: mankhwala amene amwa, zakudya zimene zimdwalitsa kapena zimene cipembedzo cace cikana, ngati akodza pogona, ngati aopa mdima. Wolemba asacepetse bvuto pofuna kusunga ulemu wa banja, ndiponso asalikulitse pofuna kuti mwana apeze malo msanga. Malo ndi ocepa, opempha ndi ambiri, ndipo bungwe lisankha bwino pokhapo litauzidwa zoona.

Cacinai ndico ciiwalika kawirikawiri: wodwalayo atsala ndi yani? Mwana amene sadziwa yankho la funso limeneli sapumula, ngakhale mumgoneke pa kama wabwino cotani. Ena akana ulendo tsiku lonyamuka cifukwa ca ici cokha. Cotero wopereka dzina ayenera kukonzeratu mbale, mnansi kapena wosamalira odwala wotumidwa ndi khonsolo, ndi kumuuza mwanayo dzina lace ndi nthawi imene adzafika. Pamenepo mwana akwera galimoto ndi mtima umodzi.

Atabwerako

Tisadzinyenge kuti mpumulo ndiwo mankhwala onse. Munthu wotula mtolo panjira apeza mphamvu, koma mtolowo sucepa. Cifukwa cace lamulo lina la caka comweco ca 2014, lochedwa Care Act, linena kuti popima zosowa za munthu wamkulu wodwala, khonsolo iyang'anenso ana a m'nyumbamo, kuti cithandizo coperekedwa kwa kholo cicepetse nchito yosayenera mwana. Wopereka dzina wanzeru acita ziwiri pamodzi: apempha mpumulo ku bungwe, napemphanso khonsolo kuti ipime banja lonse.

Mau otsiriza ndi a kwa abale athu okhala ku Britain. Kumudzi munthu akadwala, abwera azakhali, abwera agogo, anansi natunga madzi, ndipo nchito igawika. M'nyumba ya ku Leeds kapena ku Manchester abale ali kutali, anansi ndi alendo, ndipo zonse zigwera mwana woyamba kubadwa. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. Nanga mutu wa mwana? Ngati m'nyumba mwanu ziri cotere, kauzeni mphunzitsi wa mwanayo kapena dotolo wanu, pakuti kupempha kumeneku lamulo likuloleza, ndipo sikucititsa manyazi. Ngati ndi m'nyumba ya mnzanu wa mumpingo kapena wa kunchito, mfunseni mwaulemu za mwana wace, nimumuuze zimene mwamva lero.