Aluminiyamu kapena faiba: tiyambe tasuzumira pansi pa motoka

Kukolola kukatha, ndalama za cimanga zitalowa m'thumba, ambiri a ife kuno ku Bulangililo timayamba kuganiza zogula motoka yakale. Mlimi afuna vaneti yonyamulira tomato ndi repu kupita ku msika wa Chisokone. Komiti ya parishi nayo ifuna yothamangira ndi odwala ku cipatala. Pamenepo ndi pomwe pamabuka mkangano: thupi lolimba ndi liti, la aluminiyamu kapena la faiba?

Aluminiyamu tinaidziwira pa Land Rover, ija inali kuyendera mamishoni ndi mafamu. Motoka imeneyi inatuluka m'caka ca 1948 ku Britain, pamene citsulo cinali cosowa cifukwa ca nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Opanga anaiveka thupi la aluminiyamu, ndipo anapitiriza motero mpaka Defender yakale inasiya kupangidwa mu 2016. Faiba timaiona pa makanopi a mavaneti ndi pa maboti a asodzi. Iyo ndi ulusi wagalasi woumitsidwa ndi guluu wochedwa resin.

Opanga motoka zogonamo, zija timaona ndi alendo odzaona nyama, anakumana ndi funso lomweli. Kampani ya GMC ku America, pakati pa 1973 ndi 1978, inaika zonse ziwiri pa motoka imodzi: aluminiyamu ku denga ndi m'mbali mwa kumwamba, faiba kumunsi, kutsogolo ndi kumbuyo. Ici citiphunzitsa kuti ciri conse ciri ndi ubwino wace ndi cilema cace.

Aluminiyamu ndi yopepuka. Kulemera kwace ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a citsulo. Sicita dzimbiri lofiira. Ikagundidwa imangopindika, ndipo mmisiri akhoza kuiwongola kapena kuikapo cigamba ndi maliveti. Koma pamene yakhudzana ndi citsulo, madzi nalowapo, imadyeka ndi kutulutsa ufa woyera ngati phulusa. Ndiponso anyamata owocherera mageti m'komboni sangailumikize ndi makina ao a masiku onse. Ifuna makina a gasi wochedwa argon.

Faiba sicita dzimbiri konse, ndipo sipindika. Vuto lace ndi kung'aluka. Dzuwa la October limaipserera pamwamba mpaka iyambe kutuwa, ndipo mabampu a m'miseu yathu amatsegula ming'alu pozungulira mabauti. Kuikonza sikufuna makina: nsalu ya ulusi wagalasi, resin ndi manja odziwa nchito. Pa motoka zogonamo zambiri faiba anaimata pa mapulanga. Madzi akalowa, mapulanga amavunda ndipo khungu limatukuka ngati cithuza.

Tsono abale, mfundo yathu ndi iyi: kawirikawiri cimene cipha motoka yakale si khungu lace ai, koma madzi olowa m'malumikizidwe ndi dzimbiri la citsulo ca pansi. Land Rover ikhoza kuwala kunja pamene chasisi cace cinabooka kale. Kuno ku Copperbelt mvula imagwa kuyambira November mpaka April, kupitirira mamilimita 1,000 pa caka, conco kang'alu kakang'ono sikacedwa kukula.

Tisanapereke ndalama, tiyeni ticite zinthu zinai. Coyamba, tigone pansi ndi toci ndi kanyundo, tigogode chasisi. Pomveka phuphuphu kapena pogwa zipalapala, tidziwe kuti pali matenda. Caciwiri, titenge maginito: imagwira citsulo cokha, sigwira aluminiyamu kapena faiba, motero itiuza ngati wogulitsa anena zoona. Cacitatu, tithire madzi pa denga, wina akhale m'kati kuona podontha. Cacinai, tifufuze ufa woyera pa maliveti ndi pa zitseko, ndi ming'alu pa makona a kanopi.

Tikagula, nchito siinathe. Feteleza wonyowa amadya citsulo ndi aluminiyamu yomwe, conco titsuke m'mbuyo mwa vaneti tsiku lomwe tatula matumba, ndipo timate ming'alu mvula isanayambe.

Ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pa caka, ya parishi imacokera m'manja mwa amai amasiye. Wogulitsa akakana kuti tisuzumire pansi, timupatse moni wabwino ndi kubwerera ndi ndalama zathu kunyumba.