Njovu pa Sitima

Ku dziko la America kunali magulu a anthu a masewero amene ankayendayenda m'mizinda. Gulu lotere pa Cipwitikizi amalicha circo. Anthu ankalipira ndalama kuti aone masewerowo. Ena ankayenda pa cingwe, ena ankaseketsa anthu. Koma cimene anthu ankafuna kuona koposa ndi njovu.

Poyamba njovu zinkayenda pansi kucokera mzinda wina kupita mzinda wina. Katundu ankakokedwa ndi akavalo. Ulendo unali wocedwa. M'caka ca 1872, gulu la P. T. Barnum linayamba kuyenda pa sitima. Tsopano gulu linkatha kusewera lero, kuyenda usiku, ndi kufika mzinda wina m'mawa.

Kukweza njovu m'sitima si nchito yapafupi. Njovu yaikulu imalemera matani 4 kapena 5. Anchito ankaika mlatho wolimba pa khomo la ngolo ya sitima. Njovu zinkakwera imodziimodzi, aziweta ali pambali. M'katimo ankazimanga miyendo ndi unyolo. Ngolo za nyama zinkakhala pafupi ndi mutu wa sitima, cifukwa kumeneko sikugwedezeka kwambiri.

Njovu imadya kwambiri. Pa tsiku imatha kudya makilogalamu oposa 100 ndi kumwa madzi malita oposa 100. Conco sitima inkanyamulanso udzu wouma ndi madzi. Anchito ankacotsa ndowe ndi kuyala udzu watsopano.

Sitima ikafika, njovu zinkatsika ndi kuyenda pa mzere mu msewu. Iliyonse inkagwira mcira wa inzake ndi citamba. Anthu ankathamanga kudzaona.

Pa njanji panalinso ngozi. Jumbo inali njovu yochuka ya ku Africa. Barnum anaigula ku London m'caka ca 1882. Pa 15 Seputembala 1885, ku St. Thomas m'dziko la Canada, ankaibwezera ku ngolo yake atatha masewero. Sitima ya katundu inatulukira ndi kuigunda. Jumbo inafera pomwepo.

Vuto lalikulu linali la tsiku ndi tsiku. Kuchire njovu imayenda mtunda wautali pofuna cakudya ndi madzi. Imasamba m'matope ndi kukhala ndi abale ake. M'ngolo inkangoima maola ambiri, yomangidwa, osatha kutembenuka bwino. Njovu zoima nthawi yaitali pamalo olimba zimadwala mapazi ndi mfundo za miyendo.

Anthu oteteza nyama anadandaula kwa zaka zambiri. Mizinda ina inaletsa ndodo ya ngowe imene aziweta ankalamulira nayo njovu. Gulu lalikulu la Ringling Bros. and Barnum & Bailey linali ndi sitima ziwiri, iliyonse ya ngolo pafupifupi 60. M'mwezi wa Meyi 2016 njovu zake zinasewera komaliza, ndipo anazitumiza ku Florida. M'caka ca 2017 sitima zija zinaleka kuyenda. Gululi linayambanso masewero m'caka ca 2023, koma popanda nyama.

Mafunso

1. Kodi njovu zinkayenda bwanji cisanafike caka ca 1872?
2. N'cifukwa ciani ngolo za nyama zinkakhala pafupi ndi mutu wa sitima?
3. Kodi cinacitika n'ciani kwa Jumbo?
4. Chulani zinthu ziwiri zimene njovu imacita kuchire koma singacite m'ngolo.